Wangongole Nayenso Ali ndi Pakamwa



Pali ganizo lina limene lazika mizu pakati pathu ngakhale palibe amene analiphunzitsa paguwa kapena m'kalasi ya katekisimu. Ganizolo ndi lakuti munthu akalephera kubweza ngongole pa nthawi yake ndiye kuti pakamwa pake patsekedwa: chilichonse chimene mwini ngongole angalembe papepala, iye angowerama ndi kuvomera. Ife sitigwirizana nalo ganizo limeneli, ndipo sabata ino tikufuna kunena chifukwa chake. Tigwiritsa ntchito chinthu chimene pafupifupi aliyense wa ife ali nacho m'thumba, foni ya m'manja.

Kuno kwathu ambiri tinazolowera mayunitsi. Ugula, ulankhula, atha, foni ikhala chete. Ngakhale kangongole ka Kutapa kapena ka Pasavute sikamutsata munthu mpaka kunyumba. Kamangodulidwa tsiku limene wathiramo mayunitsi ena. Koma abale athu amene anapita ku Joni anakapeza dongosolo lina. Ku South Africa makampani monga Vodacom, MTN ndi Telkom amapereka foni yatsopano pa kontrakiti ya miyezi 24 kapena 36. Munthu amasayina, amatuluka m'sitolo ndi foni yonyezimira, ndipo mwezi uliwonse ndalama zimachoka zokha ku akaunti yake ya kubanki kudzera mu debit order. M'ndalama za pamwezizo muli zinthu ziwiri zophatikizana: mtengo wa foni yeniyeniyo, wogawidwa pang'onopang'ono, ndi mtengo wa mphindi zoyimbira ndi data. Ambiri amene amasayina sadziwa kuti gawo la foni ndi zingati, la zoyimbira ndi zingati. Pa tsiku losayina funso limeneli limaoneka lopanda ntchito. Limadzakhala lofunika ntchito ikatha.

Ndipo ntchito za abale athu kumeneko, za m'nyumba, za m'maluwa, za m'malesitilanti ndi zomanga, zimatha popanda kugogoda. Mwezi ukatha akaunti ili mbee, debit order imabwerera, banki imadula chindapusa chake, kampani imatseka nambala kuti isayimbe. Chimene ambiri amadabwa nacho ndi chakuti nambala ikatsekedwa, bilu ya pamwezi siyima. Pakapita miyezi ingapo kontrakiti imathetsedwa, mtengo wotsala wa foni umafunidwa wonse nthawi imodzi pamodzi ndi chindapusa, nkhani imaperekedwa kwa otolera ngongole amene nawonso amaikapo zawo, ndipo dzina la munthu limatumizidwa ku mabungwe osunga mbiri ya angongole, monga TransUnion ndi Experian.

Tingoyerekeza. Mnyamata wasayina kontrakiti ya R400 pamwezi kwa miyezi 24, kutanthauza R9,600 yonse pamodzi. Walipira mokhulupirika miyezi 10, ntchito yatha. Akanapitiriza mpaka kumapeto, zotsala zikanakhala R5,600. Koma kalata imene yamupeza ikuti R9,000. Kodi R3,400 yapamwambayo yachokera kuti? Mwina ili ndi maziko ake m'mapepala amene anasayina. Mwinanso muli inshuwalansi imene sanapemphe, timauthenga ta masewero ndi nyimbo timene sakumbukira kuti analembetsa, miyezi imene inawerengedwa kontrakiti itathetsedwa kale, kapena ndalama zimene analipira koma sizinalowe m'kaundula. Iye sadziwa, ndipo safunsa, chifukwa akuchita manyazi.

Manyazi amenewa amabala njira ziwiri, ndipo zonse taziona. Wina amataya simu, nagula ina, nasiya kuyankha nambala zachilendo, akuganiza kuti nkhani yatha, kuiwala kuti mlandu suwola. Wina amathamangira kwa akatapila, nakongola R9,000 yonseyo kuti anthu asiye kumuyimbira, nadzigwetsa m'dzenje lakuya kuposa loyamba. Anthu awiriwa amaoneka osiyana, wina wothawa, wina womvera, koma akufanana pa chinthu chimodzi: palibe amene anakhala pansi kuwerenga biluyo mzere ndi mzere.

Tiyambe ndi mbali yowawa, chifukwa tsamba lino silinakhazikitsidwe kuti tizisisitana. Chimene tinatenga tiyenera kulipira. Foni tinaitenga, tinayimbira, tinajambulira zithunzi zimene tinatumiza kumudzi kuti aone kuti zikuyenda. Lamulo lachisanu ndi chiwiri la Mulungu silikamba za mbava zothyola nyumba zokha. Katekisimu wa Eklezia Katolika, amene anatuluka mu 1992, pofotokoza lamulo limeneli pa ndime 2410 ndi 2411 amaika kusunga malonjezo, kukwaniritsa mapangano ndi kubweza ngongole pakati pa ntchito za chilungamo zimene munthu sangazilumphe. Mawu akuti "kampaniyo ndi yolemera, siizimva" timawamva kawirikawiri, koma ndi mawu omwewo amene amanena wantchito amene akutapa katundu wa bwana wake. Kulemera kwa mwini chinthu sikusandutsa chinthucho kukhala chathu.

Pali chinanso chimene chimatipweteka kwambiri pa nkhani imeneyi. Kuti munthu apatsidwe kontrakiti ku South Africa amafunika ziphaso zoyenera, akaunti ya kubanki ndi umboni wa malipiro. Ambiri mwa abale athu alibe zonsezi, choncho amapempha msuweni, mlamu kapena mnzawo wa kwaya amene ali ndi mapepala kuti awasayinire. Foni ili m'manja mwa wina, ngongole ili pa dzina la wina. Tsiku limene wogwira foniyo ataya simu, si kampani imene imagona ndi njala. Amene amavutika ndi mlongo uja anachita chifundo, amene tsopano sangapeze nyumba ya lendi kapena ngongole ya fizi ya ana chifukwa dzina lake lada. Buku la Mphunzitsi Sira, pa mutu 29, linaiona kalekale nkhani imeneyi: limafotokoza munthu amene amadzichepetsa pokongola koma pobweza amangopereka madandaulo, ndipo limachenjeza kuti tisaiwale ubwino wa amene anatiimira chikole, pakuti kuimira ena chikole kwagwetsa anthu ambiri amene zinthu zinkawayendera. Ngati pali wina amene akuwerenga pano ali ndi foni ya pa dzina la mnzake ndipo wasiya kulipira, munthu woyamba kumuyimbira usiku uno ndi mwini dzinayo.

Tsopano mbali inayo, imene timailalikira mwa apo ndi apo. Ndime yomweyo ya Katekisimu imene ikuti mapangano asungidwe imaikapo malire: asungidwe malinga ngati zimene zalonjezedwazo zili zachilungamo. Chilungamo cha pakati pa wogula ndi wogulitsa chimamanga mbali zonse ziwiri mofanana. Okhometsa msonkho atapita kwa Yohane Mbatizi kukafunsa choti achite, monga timawerengera pa mutu 3 wa Luka, iye sanawauze kuti asiye ntchito, ndiponso sanauze anthu kuti aleke kukhoma msonkho. Anawauza kuti asamalandire zopitirira zimene zinaikidwa. Zoikidwazo zinali zoyenera kuperekedwa. Zowonjezerazo zinali kuba, ngakhale wakubayo anali ndi ofesi ndi chidindo.

Ena amati, "Koma unasayina wekha." Inde. Komabe Eklezia sanavomerepo kuti siginecha payokha imayeretsa chilichonse. Mu 1891 Papa Leo XIII, m'kalata yake yotchedwa Rerum Novarum, pokamba za malipiro a antchito anaphunzitsa kuti kugwirizana kwa anthu awiri sikokwanira kuti pangano likhale lolungama, makamaka pamene mmodzi wavomera chifukwa chosowa pogwira. Iye ankanena za mafakitale a ku Ulaya, koma mfundoyo imafika mpaka pa kauntala ya sitolo ya mafoni, pamene mtsikana wa ku Mzimba kapena ku Mangochi akupatsidwa masamba a Chingerezi cha maloya, a zilembo zing'onozing'ono, pambuyo pake pali mzere wa anthu amene akumudikira kuti asayine msanga.

Chimene chimatikhudza mtima m'malamulo a Mose ndi momwe amatetezera ulemu wa wangongole popanda kufafaniza ngongoleyo. Pa mutu 22 wa Eksodo, munthu akatenga chofunda cha mmphawi ngati chikole ayenera kuchibweza dzuwa lisanalowe, chifukwa mwinicho alibe china chofunda usiku. Pa mutu 24 wa Deuteronomo nkoletsedwa kutenga mphero ngati chikole, popeza kutero nkulanda moyo wa munthu, ndipo wokongoza saloledwa kulowa m'nyumba ya mnzake kukadzitengera chikole. Aime panja adikire. Taganizirani zimenezo. Munthuyo ali ndi ngongole ndithu, palibe akutsutsa, koma khomo la nyumba yake likadali lake. Kwa mnyamata amene maganyu ake onse amabwera pa WhatsApp, foni ndiyo mphero yake. Sitikunena kuti kampani ilibe ufulu wotseka nambala ya munthu amene sakulipira. Tikunena kuti Mulungu amene analemba malire a wokongoza zaka zikwi zapitazo sadabwa wangongole wa lero akafunsa kuti, "Mzere uwu ndi wa chiyani?"

Mwamwayi malamulo a dziko la South Africa amapereka poyambira, ndipo ndi bwino abale athu awadziwe. Lamulo loteteza ogula, Consumer Protection Act ya 2008, limene linayamba kugwira ntchito mu 2011, pa gawo 14 limalola munthu kuthetsa kontrakiti ya nthawi yoikika popereka chidziwitso cha masiku 20 ogwira ntchito. Amalipirabe zimene wagwiritsa ntchito kufikira tsikulo, ndipo kampani ikhoza kufuna chindapusa, koma chindapusacho chiyenera kukhala choyenera, osati chachikulu mwakuti ufulu wothetsawo usanduke nthano. Apa pali phunziro lalikulu: munthu amene ntchito yamuthera ndipo akuona kuti sapeza ina msanga amachita bwino kulemba kalata yothetsa kontrakiti mwezi womwewo, kusiyana nkukhala chete bilu ikukula. Gawo lomwelo likuti kampani nayonso, isanathetse kontrakiti chifukwa cha kusalipira, iyenera kupereka chidziwitso cholembedwa ndi kudikira masiku 20 ogwira ntchito. Likutinso kontrakiti ikamayandikira kutha kampani iyenera kudziwitsa mwini wake, ndipo akapanda kunena kanthu imapitirira mwezi ndi mwezi. Ambiri amalipira miyezi yochuluka pambuyo pa mwezi wa 24 akuganiza kuti zinthu zinatha zokha.

Kuyambira mu 2019, malamulo a bungwe loyang'anira za mauthenga la ICASA amaletsa kampani kudula ndalama za data yopitirira bandulo popanda chilolezo cha mwini nambala. Otolera ngongole nawonso ali pansi pa lamulo la 1998, ayenera kukhala olembetsedwa ku Council for Debt Collectors, ndipo ndalama zimene angawonjezere pa ntchito yawo zili ndi malire olembedwa. Kuopseza munthu ndi mawu abodza nkosaloledwa. Ndipo pansi pa National Credit Act ya 2005, aliyense ali ndi ufulu woona mbiri yake ya ngongole kwaulere kamodzi pachaka, ndi kutsutsa zimene zalembedwamo molakwika.

Nanga munthu ayambe bwanji? Choyamba ndi kupempha sitetimenti yonse, kuyambira mwezi woyamba, pamodzi ndi kope la kontrakiti imene anasayina kapena mawu amene anajambulidwa ngati anavomera pafoni. Kenaka akhale pansi ndi pensulo ndi marisiti ake, makamaka pamodzi ndi mnzake wodziwa masamu ndi Chingerezi, agawe biluyo pawiri: izi ndikuzivomera, izi sindikuzimvetsa. Dandaulo lipite molembedwa, mwaulemu, lotchula mzere ndi tsiku ndi ndalama, ndipo asachoke popanda nambala ya dandaulolo. Mawu a pafoni amauluka. Amene unalankhula naye Lolemba sudzamupezanso Lachinayi. Kampani ikapanda kuthetsa nkhaniyo m'masiku 14 ogwira ntchito, nambala ija ndiyo kiyi yotsegulira khomo la ICASA, ndipo palinso National Consumer Commission.

Koma chimene tikufuna kutsindika koposa zonse ndi ichi: pamene tikutsutsa gawo lokayikitsa, gawo limene tikulivomera tiyambe kulipira, ngakhale ndi R100 pamwezi, ndipo tinene m'kalatamo kuti ndalamazo ndi za gawo limenelo. Pali nzeru pamenepa, chifukwa amene akuweruza nkhani amasiyanitsa msanga munthu wofuna chilungamo ndi munthu wofuna pothawira. Palinso chikumbumtima. Nkosavuta kugwiritsa ntchito R300 yolakwika ngati chifukwa chokanira R5,000 yoona, ndipo mtima wa munthu ndi katswiri pa masamu oterewa. Dandaulo limene cholinga chake nkungokankha masiku ndi bodza lovala suti.

Mpofunikanso kupirira. Ambuye Yesu anasimba fanizo la mayi wamasiye amene ankapita kwa woweruza wosaopa Mulungu mobwerezabwereza mpaka mlandu wake unaweruzidwa, pa mutu 18 wa Luka. Fanizolo likuphunzitsa za kupemphera kosatopa, koma taonani munthu amene Ambuye anamusankha kukhala chitsanzo: mayi wopanda mwamuna, wopanda ndalama, wopanda womuyankhulira, amene chida chake chinali kubwereranso mawa. Sanatukwane mlonda wa pachipata. Ifenso tikumbukire kuti mtsikana amene akuyankha foni ku ofesi ya makasitomala si amene analemba kontrakitiyo. Mwina naye ali ndi yake imene ikumusowetsa tulo.

Pali mfundo ina imene achinyamata amakonda kunong'onezana, yakuti ku South Africa ngongole imafa pakatha zaka zitatu. Muli choonadi: lamulo la Prescription Act la 1969 likuti ngongole wamba singafunidwenso kukhoti pakapita zaka zitatu, ngati m'zaka zimenezo wangongole sanaivomere kapena kulipirako, ndipo sanapatsidwe masamoni. Munthu amene akuvutitsidwa ndi otolera ngongole pa nkhani ya zaka zisanu ndi zitatu zapitazo, imene mapepala ake anasowa kalekale, ali ndi ufulu wonse wodziteteza ndi lamulo limeneli, ndipo sachimwa potero. Linaikidwa kuti anthu asamasungidwe pa chingwe moyo wonse. Koma kutenga foni lero uli ndi cholinga chobisala zaka zitatu ndi nkhani ina. Khoti limawerenga zaka, chikumbumtima chimawerenga cholinga, ndipo awiriwa sagwiritsa ntchito kalendala imodzi.

Tikudziwa kuti kwa m'bale amene ziphaso zake zinatha, mawu akuti "kadandaule ku ofesi" amamveka ngati akuti "kadzipereke". Mantha amenewo si achibwana. Nchifukwa chake nkhani zotere siziyenera kusenzedwa ndi mutu umodzi. Madandaulo ambiri amayenda pa imelo, ndipo amene ayenera kulemba ndi mwini dzina la pa kontrakiti. Kuli Legal Aid South Africa, kuli Scalabrini Centre ku Cape Town imene imathandiza anthu obwera kuchokera m'maiko ena, ndipo m'maparishi ambiri muli magulu a Chilungamo ndi Mtendere. Mphakati umene umasonkha ndalama zonyamulira maliro kuchokera ku Johannesburg mpaka ku Karonga sungalephere kupeza munthu mmodzi woti awerenge kalata ya masamba awiri.

Tisaganize kuti izi ndi za ku Joni zokha. Kuno kwathu kwafika mafoni a ngongole, amene umapereka kangachepe poyamba, kenaka nkumalipira tsiku ndi tsiku kapena sabata ndi sabata pa Airtel Money kapena Mpamba, ndipo ukadumphitsa foniyo imadzitseka yokha. Kwa mayi wogulitsa tomato amene sakanatha kupeza ndalama zonse nthawi imodzi, njira imeneyi yatsegula khomo lenileni, ndipo sitikuinyoza. Koma kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama imene inkaoneka yochepa patsiku inayamba kulimbana ndi ya ufa, ndipo mafunso aja anafika pakhomo pathu. Kodi zonse pamodzi ndidzalipira zingati, poyerekeza ndi mtengo wa foni yomweyo m'sitolo? Ndalama imene ndinatumiza Lachiwiri yalowa? Ndikalephera, zimene ndapereka kale zipita kuti? Dziko lathu lili ndi MACRA pa nkhani za makampani a mafoni, lili ndi Competition and Fair Trading Commission pa nkhani za malonda osalungama, lili ndi bungwe loimira ogula la CAMA, ndipo kuyambira pamene lamulo la Credit Reference Bureau linakhazikitsidwa mu 2010, mbiri ya ngongole ya munthu imasungidwanso kuno. Mauthenga a pafoni otsimikiza kuti ndalama zapita ndiwo marisiti athu. Tisamawafufute pofuna malo a zithunzi.

Kwa inu makolo athu, tili ndi pempho laling'ono, ndipo tikulinena ndi ulemu wonse. Mwana akaimba kuchokera kutali nkunena kuti mwezi uno satumiza kanthu chifukwa akukonza nkhani ya ngongole, musamuyese wolephera. Mafoni ambiri odula amene ana anu anasayinira anawatenga pofuna kuti inu ndi anansi muone kuti ulendo sunapite pachabe. Chikomekome cha nkuyu tonse timachidziwa, koma nthawi zina ndife a kumudzi amene timafuna kuona nkuyu wofiirawo pa chithunzi. Mukamufunsa kuti, "Kodi kalatayo waiwerenga bwino? Wapeza woti akuthandize?" mwamuchotsera theka la katundu.

Eklezia wakhala akuimira angongole poyera. Pokonzekera Chaka cha Jubile cha 2000, Papa Yohane Paulo II anapempha maiko olemera kuti achepetse kapena kukhululuka ngongole za maiko osauka, ndipo dziko la Malawi linakhululukidwa gawo lalikulu la ngongole zake zakunja mu 2006. Pa nthawi imeneyo palibe Mkatolika amene ananena kuti popeza Malawi analephera kulipira, alibe ufulu wofunsa momwe chiwongoladzanja chinawerengedwera. Tinapemphera, tinasayina zikalata, tinayenda m'misewu. Nzodabwitsa kuti zimene tinazinena molimba mtima za dziko lonse timachita nazo manyazi zikakhala za mnyamata mmodzi wa m'kwaya yathu ndi bilu yake ya R9,000.

Choncho tikupempha atsogoleri a achinyamata m'miphakati yathu kuti pa msonkhano wotsatira apatule mphindi makumi awiri za nkhani imeneyi, ndipo apeze anthu awiri, wina wodziwa masamu, wina wodziwa kusunga chinsinsi, amene aliyense angawaonetse kalata yake payekha Misa itatha. Amene muli ndi abale ku Johannesburg, ku Durban kapena ku Cape Town, atumizireni tsamba lino, ndipo muwauze kuti ajambule masamba onse a kalatayo, kuphatikizapo la kumbuyo la zilembo zing'onozing'ono lija.